Momwe Mungaphunzirire Mbiri ya Nkhondo za Anthu a ku Ireland Polimbana ndi Ulamuliro wa Britain

Munthu amene wangoyamba kuwerenga za anthu a ku Ireland amene ananyamula zida pofuna kuchotsa ulamuliro wa Britain sachedwa kusokera, ndipo chimene chimamusokeretsa kwambiri ndi mayina. Dzina loti IRA (Irish Republican Army, gulu la zida lolimbana ndi Britain) amalipeza m'chaka cha 1920, n'kulipezanso m'chaka cha 1972, n'kuganiza kuti ndi gulu limodzi, pamene ndi magulu osiyana amene ankalimbirana dzina lomwelo. Tsiku lotchedwa Bloody Sunday nalonso lilipo kawiri m'nkhani ya nkhondozi, lina ku Dublin mu 1920, lina ku Derry mu 1972. Malangizo ali m'munsimu ndi othandiza wophunzira, mphunzitsi wa mbiri, kapena munthu amene akukhala ku Ireland ndipo akufuna kumvetsa zipilala zimene amadutsa tsiku ndi tsiku.

Konzani mawu musanayambe zaka

Pali mawu anayi amene muyenera kuwasiyanitsa. Otchedwa nationalist ndi onse ofuna kuti Ireland idzilamulire, ndipo ambiri mwa iwo, monga Daniel O'Connell amene anamenyera Akatolika ufulu wolowa m'nyumba ya malamulo mu 1829, kapena John Hume wa m'zaka zaposachedwa, ankadana ndi njira ya mfuti. Otchedwa republican ndi amene ankafuna dziko lopanda mfumu, lodulidwiratu ku Britain, ndipo mwa iwo ndi mmene munatuluka magulu a zida. Otchedwa unionist ndi ofuna kuti mgwirizano ndi Britain upitirire, ambiri a iwo Apulotesitanti a kumpoto chakum'mawa kwa chilumbachi, pamene loyalist ndi dzina limene kawirikawiri limaperekedwa kwa a mbali yomweyo amene nawonso anagwira zida. Mukasakaniza mawu awiri oyambawo, mudzalemba ngati Mkatolika aliyense wa ku Ireland ankavomereza nkhondo, zomwe si zoona pa nthawi ina iliyonse.

Mukatero tengani pepala lalitali, mulembepo zaka izi motalikirana: 1798, 1803, 1848, 1867, 1916, 1919 mpaka 1923, ndi 1969 mpaka 1998. Pa chaka chilichonse muzidzifunsa kuti anaukira ndani, anali angati, ankafuna chiyani, anthu wamba anawapatsa chilolezo kapena ayi, ndipo boma linayankha bwanji. Mafunso awiri omalizawa ndi amene amaulula zambiri, chifukwa kangapo konse oukira anagonja pa nkhondo, koma nkhanza za boma powalanga zinawapatsa otsatira amene poyamba analibe.

Yambirani pakati, m'chaka cha 1916

Ndikulangiza kuti musayambire pa chiyambi, koma pa kuukira kwa pa Pasaka wa 1916, chifukwa amene anaukira nthawiyo ankadzitcha olowa m'malo mwa onse akale, ndipo onse obwera pambuyo ankadzitcha ana awo. Kuti mumvetse sabata imeneyo, bwererani pang'ono ku 1912. Boma la ku London linali litabweretsa lamulo lopatsa Ireland nyumba yake ya malamulo pansi pa mfumu, koma Apulotesitanti a ku Ulster, chigawo cha kumpoto, motsogozedwa ndi Edward Carson anakana, ndipo mu Seputembala 1912 anthu pafupifupi 470,000 anasaina chikalata chokana. Chaka chotsatira anakhazikitsa gulu la zida la Ulster Volunteer Force, ndipo mbali inayo inayankha ndi gulu la Irish Volunteers pansi pa Eoin MacNeill. Mu 1914 magulu onse awiri analowetsa mfuti mozemba, ena pa doko la Larne, ena pa Howth. Lamulo lija linavomerezedwa chaka chomwecho koma linaimitsidwa chifukwa cha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo amuna ambiri a ku Ireland, Akatolika ndi Apulotesitanti omwe, anapita kukamenyera Britain. Mfundo imeneyi musaiphonye, chifukwa Aairishi ovala yunifolomu ya mfumu anali ochuluka kutalitali kuposa amene anaukira.

Kagulu kachinsinsi ka m'bungwe la Irish Republican Brotherhood ndi kamene kanakonza zoukira, mogwirizana ndi James Connolly ndi gulu lake la anthu apantchito la Irish Citizen Army. Zinthu zinawonongeka zisanayambe. Sitima ya Aud imene inanyamula mfuti 20,000 kuchokera ku Germany inagwidwa, oyendetsa ake n'kuimiza okha, ndipo Roger Casement, yemwe uja anaulula nkhanza za ku Congo mu 1904, anamangidwa atangotsika pa gombe la ku Kerry. MacNeill atamva zimenezi analamula kuti anthu ake a Irish Volunteers asatuluke, choncho Lolemba pa 24 Epulo amene anafika anali ongopitirira pang'ono 1,000. Analanda positi ofesi yaikulu ya mu Dublin, ndipo Patrick Pearse anawerenga chikalata cholengeza dziko lodziimira palokha, chosainidwa ndi anthu asanu ndi awiri. Chikalatachi ndi cha tsamba limodzi, muchiwerenge chonse pang'onopang'ono, muone mmene chikuyambira ndi kuitana amuna ndi akazi mofanana pa nthawi imene akazi anali asanaloledwe kuvotera aphungu, komanso mmene chikutchulira abwenzi a ku Ulaya, kutanthauza Germany, zimene kwa boma la Britain zinali upandu weniweni.

Anagonja Loweruka pa 29 Epulo, mizinga itagumula pakati pa mzinda, ndipo amene ananyamula uthenga wogonja kuchokera ku Moore Street anali mayi wina wa gulu la amayi la Cumann na mBan, Elizabeth O'Farrell. Anthu pafupifupi 485 anafa, oposa theka anali anthu wamba, ndipo ambiri okhala mu Dublin anakwiyira oukirawo. Chimene chinatembenuza mitima ndi zimene anachita mkulu wa asilikali John Maxwell. Pakati pa 3 ndi 12 Meyi anthu 14 anaomberedwa m'ndende ya Kilmainham, ochepaochepa pa tsiku, kotero kuti nkhani inakhala pakamwa pa anthu kwa masiku khumi. Joseph Plunkett anakwatira Grace Gifford m'ndendemo kutatsala maola ochepa kuti aphedwe, ndipo Connolly, amene anali atavulala mwendo, anamumangirira pa mpando kuti amuombere. Mukawonjezera Thomas Kent amene anaphedwa ku Cork ndi Casement amene ananyongedwa ku London mu Ogasiti, onse akukwana 16. Anthu pafupifupi 1,800 anatsekeredwa ku Frongoch m'dziko la Wales, kumene anapeza mpata wodziwana ndi kukonzanso gulu.

Wowerenga wa ku Malawi sangalephere kukumbukira John Chilembwe, amene anaukira ufumu womwewo mu Januwale 1915, mkati mwa nkhondo yomweyo, chaka chimodzi ndi miyezi itatu Pearse asanatero. Kufanizira kumeneku n'kothandiza pophunzitsa, bola musaiwale kusiyana kwakukulu: anthu a ku Ireland anali ndi aphungu awo oposa 100 ku London, pamene anthu akuda a ku Nyasaland analibe ndi mmodzi yemwe wosankhidwa ndi iwo.

Tsopano bwererani m'mbuyo

Mukafika pa 1798 mudzadabwa kupeza kuti amene anayambitsa maganizo a dziko lopanda mfumu ku Ireland anali Apulotesitanti. Bungwe la United Irishmen linakhazikitsidwa ku Belfast mu 1791, ambiri mwa oyambitsa ake anali a mpingo wa Presbyterian, ndipo Theobald Wolfe Tone, loya wa ku Dublin, ankafuna kuti anthu a mipingo yonse agwirizane potengera zimene zinachitika ku America ndi ku France. Mu Disembala 1796 zombo za France zinafika ku Bantry Bay ndi asilikali pafupifupi 14,000, koma namondwe anawaletsa kutsika. Nkhondo itabuka mu Meyi 1798, alimi ambiri anamenya ndi mikondo yaitali polimbana ndi mfuti ndi mizinga, ndipo anagonjetsedwa pa Vinegar Hill m'boma la Wexford pa 21 Juni. Asilikali a France pafupifupi 1,000 anafika ku Killala mu Ogasiti zinthu zitatha kale. Tone anagwidwa n'kufera m'ndende mu Novembala. Powerenga za chakachi musalumphe nkhani ya ku Scullabogue, kumene oukira anatentha anthu oposa 100 m'nyumba yosungiramo zokolola, ambiri a iwo Apulotesitanti, komanso musalumphe kuzunza ndi kupha kumene asilikali a boma anachita. Zotsatira zake zinali zosiyana ndi zimene oukira ankafuna, chifukwa nyumba ya malamulo ya ku Dublin inathetsedwa ndipo kuyambira pa 1 Januwale 1801 Ireland inalumikizidwa ndi Britain kukhala dziko limodzi.

Pa 1803 ndi 1848 musachedwepo. Robert Emmet anaukira kwa usiku umodzi mu Julayi 1803 n'kunyongedwa mu Seputembala, ndipo a Young Ireland mu 1848 anangowomberana ndi apolisi amene anadzitsekera m'nyumba ya mayi wamasiye ku Ballingarry. Chofunika kuchimvetsa pa nthawiyi ndi njala yaikulu ya kuyambira 1845, pamene matenda anaononga mbatatesi, anthu pafupifupi 1 miliyoni n'kufa, enanso ochuluka chimodzimodzi n'kusamuka. Osamukawo ananyamula mkwiyo kupita nawo ku America, ndipo ndalama zawo ndi zimene zinadyetsa magulu a zida kwa zaka zoposa 100. Irish Republican Brotherhood inakhazikitsidwa ndi James Stephens mu 1858, anthu ake ankatchedwa Fenian, ndipo kuukira kwawo kwa mu Malichi 1867 kunalephera. Komabe bungweli silinafe. Tom Clarke, amene anakhala zaka 15 m'ndende za ku England pa mlandu wa mabomba, ndiye woyamba kusaina chikalata cha 1916, ndipo mukatsata moyo wa munthu mmodzi ameneyu mudzaona mmene mbadwo wina unapatsira unzake ntchitoyi.

Zaka za 1919 mpaka 1923 muziwerenge ngati nkhondo ziwiri

Apa ndi pamene funso la chilolezo cha anthu likuyankhidwa mosiyana ndi kale. Boma litayesa kukakamiza amuna a ku Ireland kulowa usilikali mu 1918, chipani cha Sinn Féin chinapambana mipando 73 mwa 105 pa chisankho cha mu Disembala. Aphunguwo anakana kupita ku London, anakhazikitsa nyumba yawo ya malamulo yotchedwa Dáil pa 21 Januwale 1919, ndipo tsiku lomwelo apolisi awiri anaphedwa ku Soloheadbeg. Irish Volunteers ndi amene anayamba kutchedwa IRA. Posiyana ndi 1916, sanadzitsekerenso m'nyumba kudikira mizinga, koma ankabisalira apolisi ndi asilikali m'misewu ya kumidzi n'kuzimiririka, pamene Michael Collins, mmodzi mwa atsogoleri awo, ankathana ndi akazitape a boma mu Dublin. Britain inatumiza asilikali akale otchedwa Black and Tans ndi Auxiliaries, amene anatchuka ndi kutentha nyumba, ndipo mu Disembala 1920 anatentha pakati pa mzinda wa Cork. Pa 21 Novembala 1920 m'mawa anthu a Collins anapha anthu 14 amene ambiri ankaganiziridwa kuti ndi akazitape, ndipo masana apolisi anaombera pa bwalo la masewero la Croke Park n'kupha anthu 14; ili ndilo Bloody Sunday ya ku Dublin ija. Nkhondo inaima pa 11 Julayi 1921.

Yachiwiri ndi yapachiweniweni. Pangano losainidwa pa 6 Disembala 1921 linapatsa maboma 26 ufulu wodzilamulira, koma aphungu anayenera kulumbira lumbiro lotchula mfumu, ndipo maboma 6 a kumpoto, otchedwa Northern Ireland, anatsala mu United Kingdom. Dáil inavomereza ndi mavoti 64 kwa 57, IRA n'kugawanika. Ambiri amaganiza kuti anakangana pa za malire, koma mukawerenga zokambirana za aphungu mudzapeza kuti chimene chinatenga nthawi yaitali ndi lumbiro lija. Nkhondo inayamba pa 28 Juni 1922 pamene boma latsopano linaombera nyumba ya makhoti ya Four Courts ndi mizinga yobwereka kwa Britain, ndipo zikalata za zaka mazana ambiri zinapsa m'menemo. Collins, amene anali kumbali yovomereza pangano, anaphedwa pa 22 Ogasiti ku Béal na Bláth, boma linapha akaidi oposa 70, kuchuluka kuposa amene Britain inapha pambuyo pa 1916, ndipo otsutsa pangano anatula zida mu Meyi 1923. Zipani ziwiri zimene zalamulira dzikoli kwa nthawi yaitali, Fianna Fáil ya Éamon de Valera ndi Fine Gael, mizu yake ili pa mkangano umenewu.

Za kumpoto zimafuna kusamala kwambiri

Pa zaka za 1969 mpaka 1998 mukulankhula za anthu amene abale awo akadali moyo. Yambani ndi madandaulo a Akatolika a ku Northern Ireland pa nkhani za nyumba, ntchito ndi kadulidwe ka madera ovotera, ndi zionetsero zamtendere za 1968 zimene apolisi anazibalalitsa ndi zibonga ku Derry. Asilikali a Britain anatumizidwa mu Ogasiti 1969, ndipo kumapeto kwa chakacho IRA inagawanika kukhala Official ndi Provisional. Yachiwiriyi ndi imene inamenya nkhondo yaitali. Muone mmene kumanga anthu popanda kuzenga mlandu kuyambira mu Ogasiti 1971, ndi kuphedwa kwa anthu 13 opanda zida ndi asilikali ku Derry pa 30 Januwale 1972 (Bloody Sunday yachiwiri ija), kunachulukitsira olowa gululo. Mu 2010 nduna yaikulu David Cameron inapepesa pa imfa zimenezo kafukufuku wa Lord Saville atatha.

Kenaka werenganinso mbali inayo ndi mtima womwewo. Mabomba a IRA anapha anthu 9 ku Belfast pa 21 Julayi 1972, anthu 21 m'malo omwera mowa ku Birmingham mu 1974, ndi anthu 11 pa mwambo wokumbukira ofa pa nkhondo ku Enniskillen mu 1987. Mabomba a loyalist anapha anthu 33 ku Dublin ndi Monaghan pa 17 Meyi 1974. Mwa anthu oposa 3,500 amene anafa pa nthawi yonseyi, pafupifupi 60 pa 100 aliwonse anaphedwa ndi magulu a republican, 30 ndi a loyalist, ndipo 10 ndi asilikali ndi apolisi. M'kuona kwanga, wolemba amene watchula Derry n'kubisa Enniskillen, kapena kutchula Enniskillen n'kubisa Derry, ndi wokopera anthu ku mbali yake, ndipo buku lake muliwerenge mukudziwa zimenezo.

Chaka cha 1981 muchiike chizindikiro chachikulu. Akaidi 10 a magulu a republican anafa ponyanyala chakudya pofuna kuti asaonedwe ngati apandu wamba, ndipo Bobby Sands, amene anafa pa 5 Meyi atatha masiku 66, anasankhidwa kukhala phungu ali m'ndende. Zimenezi zinaonetsa Sinn Féin kuti mavoti angathe kugwira ntchito, ndipo njira yopita ku pangano la Lachisanu Loyera la pa 10 Epulo 1998 inayambira apo, kudzera m'zokambirana za John Hume ndi Gerry Adams wa Sinn Féin ndi kuimitsa nkhondo kwa 1994 ndi 1997. Pa riferendamu ya mu Meyi 1998, anthu 71 pa 100 aliwonse kumpoto ndi 94 kum'mwera anavomereza. Kagulu kokana pangano ka Real IRA kanapha anthu 29 ku Omagh mu Ogasiti chaka chomwecho. Cyril Ramaphosa wa ku South Africa anali mmodzi mwa anthu awiri amene anapatsidwa ntchito yoyendera malo obisa zida za IRA mu 2000, ndipo Provisional IRA inalengeza kutha kwa nkhondo yake pa 28 Julayi 2005.

Mverani mboni, ndipo ngati mungathe, pitani pamalo

Boma la Ireland linasonkhanitsa maumboni 1,773 a anthu amene anachita nawo zochitika za 1913 mpaka 1921, kudzera mu Bureau of Military History, ndipo mungawawerenge kwaulere pa intaneti. Muzikumbukira kuti analembedwa pakati pa 1947 ndi 1957, anthu atakalamba, ndipo aliyense ankadziika pabwino, choncho pa chochitika chimodzi muwerenge mboni ziwiri kapena zitatu. Pa za kumpoto, nkhokwe ya CAIN ya ku Ulster University ili ndi mndandanda wa zochitika tsiku ndi tsiku komanso mayina a ofa a mbali zonse.

Ngati muli ku Dublin, yambirani pa positi ofesi ya pa O'Connell Street, muyende kupita ku Moore Street, kenaka ku ndende ya Kilmainham, kumene muyenera kugula tikiti pasadakhale chifukwa malo amatha msanga. Atsogoleri 14 aja anaikidwa ku Arbour Hill, pamene O'Connell, Collins ndi de Valera ali ku manda a Glasnevin. Ku Belfast, mukaone zojambula za pa makoma a Falls Road, dera la a republican, muwolokenso mpanda wolekanitsa madera kukaona za ku Shankill Road, dera la a loyalist, tsiku lomwelo.

Polankhula ndi anthu a kumpoto, samalani mawu. Wina akati Derry mnzake amati Londonderry, wina akati kumpoto kwa Ireland mnzake amati Northern Ireland kapena Ulster, ndipo mawu amene mwasankha amamveka ngati mwaulula mbali yanu. Musafunse munthu mpingo wake, musajambule nyumba za anthu popanda kupempha, ndipo pa dzina la mzinda uja dikirani kuti mwini malo ayambe kulitchula, inu mutsate mmene watchulira.